Ndani amasefa mayina amene timawapeza pa pepala lovotera?

Nachisale: Akuluakulu, chisankho chikatha timathamangira kunena kuti anthu asankha molakwa. Koma wovota amasankha pakati pa mayina asanu kapena khumi amene wawapeza kale pa pepala. Anasefa mayina amenewo ndani? Nanga nduna, zomwe sitizivotera n'komwe, zimachokera kuti? Tiyeni tione malamulo ndi njira zake zenizeni, za mitima ya anthu tiziike kaye pambali.

aMbewe: Mayi Nachisale, sefa yoyamba ili pa gawo 51 la malamulo aakulu a dziko. Wofuna uphungu akhale mzika ya Malawi, wa zaka 21 kapena kuposa, wolembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsatira zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Za digiri mulibe. Koma taonani zomwe mfundo ya Chingereziyo imachita: mlimi wa fodya wodziwa bwino za mitengo, kapena mayi amene wayendetsa banki m'khonde zaka khumi, wagwa kale mpikisano usanayambe.

Ina imene anthu saiona ili pa gawo lomwelo: wogwira ntchito ya boma ayenera kutula pansi udindo kuti aime. Mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi, amene m'midzi yambiri ndiwo ophunzira odziwika, ayenera kutaya malipiro asanadziwe ngati apambana. Wabizinesi sataya kanthu, malole ake amayendabe iye ali pa kampeni. Loya naye ofesi yake imatsegulidwa m'mawa uliwonse. Lamulo silinatchule kuti likufuna amalonda, koma ndi amene limawasiyira khomo.

Che Jafali: Za Chingerezizo si zatsopano. Nthawi ya chipani chimodzi misonkhano ya MCP ya m'maboma inkatumiza mayina, Kamuzu n'kusankhapo amene wamukonda. Mu 1978 m'pamene anthu anayamba kuvota pakati pa anthu angapo a chipani chomwecho, ndipo ofuna kuima ankalemba mayeso a Chingerezi. Mu 1994 tinasintha zambiri koma iyi tinainyamula.

Kwataine: Ine ndikuti malamulo mukuwapatsa ulemu wochuluka. Sefa yeniyeni ndi ndalama. Mu 2019 bungwe loyendetsa zisankho la MEC linkalandira K500,000 kwa mwamuna wofuna uphungu ndi K250,000 kwa mayi. Mu 2025 zinafika K2.5 miliyoni ndi K1.25 miliyoni. Ndipo izo ndi zochepa poyerekeza ndi nsalu, malaya, mafuta a galimoto, zikho za mpira, mabokosi a maliro ndi chakudya cha oyang'anira mavoti pa senta iliyonse. Kafukufuku wa Michael Wahman pa chisankho cha 2019 anapeza kuti woima mmodzi ankawononga pafupifupi K15 miliyoni, opambana pafupifupi K27 miliyoni.

aMbewe: Achimwene, zoona, koma dzifunseni chifukwa chake ndalamayo imatuluka m'thumba la munthu osati la chipani. Timavotera munthu mmodzi pa dera limodzi, ndipo amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, watenga mpando. Lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka ndi la pulezidenti yekha. Ndiye mpikisano ndi wa munthu ndi munthu, aliyense ayenera kugulitsa nkhope yake. Boma limathandiza ndi ndalama chipani chokhacho chimene chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse, malinga ndi gawo 40, ndipo ndalamayo sifika kwa shado (wofuna uphungu) wa ku Nsanje. Mamembala salipira makadi ngati kale. Chipani chopanda ndalama chimafuna munthu wobwera ndi zake, amene adzalipirenso misonkhano ya pulezidenti wa chipanicho akabwera m'deralo. Ndalama ikulamula chifukwa malamulo anaisiyira bwalo.

Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota. Pa mpikisano wa m'kati mwa chipani, amene angakadandaule ndi mnzako wa chipani chomwecho, ndipo iyenso wagawa.

Nangondo: Apo mwafika pa chipulula, chisankho cha m'kati mwa chipani chopezera wochiimira, ndipo ndi pamene nkhani yonse yagona. Kumene chipani chili kuchipinda kwake, monga MCP m'madera ambiri a Lilongwe, Dowa ndi Kasungu, kapena DPP ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, tikiti ya chipani ndi theka la ulendo. Koma malamulo a dziko sanena kuti chipulula chiziyenda bwanji. MEC sifikako. Chipani chilichonse chimadzipangira.

Kawirikawiri zimayenda chonchi. Savota aliyense wa m'deralo, amavota nthumwi zochokera m'makomiti a maeliya, kuphatikizapo a komiti ya dera, amayi ndi achinyamata. Eliya iliyonse imatumiza chiwerengero choikika. Ndiye nkhondo yoyamba si ya mavoti ayi, ndi ya mndandanda: dera lino lili ndi maeliya angati? Phungu amene alipo amakhala kuti wakhala akudyetsa makomiti zaka zisanu, ndipo gavanala wa dera ndi munthu wake. Shado watsopano amakhazikitsa maeliya ake. Pofika tsikulo pali mindandanda iwiri, wina wa maeliya 80 wina wa 130 mwachitsanzo, ndipo umene akulikulu avomereze ndi umene wasankha wopambana.

Chachiwiri ndi malo ndi tsiku. Akasuntha malo madzulo a dzulo lake, amene ali ndi malole ndiye afikitsa anthu ake. Ena amasonkhanitsa nthumwi pamalo amodzi usiku wonse, kuzidyetsa, mafoni atasungidwa, m'mawa n'kuzitengera kubwalo zili pamodzi kuti mdani asazipeze.

Chachitatu ndi kavotedwe. Zipani zambiri zakhala zikuvotetsa poima pamzere kumbuyo kwa munthu. Opikisana amayang'ana kutsogolo, nthawi zina atamangidwa nsalu kumaso, koma zilibe ntchito, anyamata awo akuona aliyense. Amene wadya ndalama usiku sangaime mzere wina masana. Wowerenga ndi mkulu wotumidwa kuchokera kulikulu, ndipo mzere ukasokonekera amangoti zotsatira zilengezedwa mtsogolo. Wodandaula akadandaule kwa omwewo amene anatumiza wowerengayo, apo ayi akatenge chiletso kukhoti masiku opereka zikalata ku MEC akutha.

Kwataine: N'chifukwa chake oima paokha achuluka chonchi. Mu 2014 anapambana 52 pa mipando 193, kuposa chipani chilichonse. Mu 2019 anali 55, kufanana ndi MCP, pomwe DPP inapeza 62. Ambiri mwa iwo si anthu opanda chipani. Ndi ogwa pa chipulula amene anauza anthu kuti pulezidenti voterani wa chipani chathu chomwechi, phungu voterani ine.

Nachisale: Ndiye kodi si umboni woti wovota ali ndi mphamvu? Chipani chikamukakamiza munthu, iye amachikana.

Nangondo: Mphamvu ali nayo, mayi, koma ndi ya kukana basi. Angathe kugwetsa amene likulu lamuika, koma womulowa m'malo ndi amene anatha kulipira kampeni yonse yekha popanda ngakhale nsalu ya chipani. Pa oima paokha sefa ya ndalama ndi yothina kuposa.

Ndiponso kukanako timachita mopitirira. Mu 2014 pafupifupi aphungu atatu mwa anayi alionse sanabwerere. Nyumba imene imayamba ndi alendo ochuluka chonchi zaka zisanu zilizonse imakhala ndi apampando a makomiti amene sanawerengepo lipoti la mkulu wolondoloza ndalama za boma. Pomwe ayamba kudziwa kufunsa mlembi wamkulu wa unduna funso lolasa, nthawi yatha. Phunguyo akudziwanso kuti mwina sabwerera, ndiye maso ake ali pa zimene angapeze lero.

Che Jafali: Muonjezepo kuti makwerero a pansi tinawathyola tokha. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi panalibe pophunzirira ndale za bajeti ndi misonkhano ya khonsolo. M'malo mwake kunabwera CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, mu 2006, ndipo mu 2010 aphungu anapatsidwa voti m'makhonsolo. Phungu anasanduka womanga milatho ndi midadada ya sukulu. Anthu akamamuyeza ndi zimenezo, ofuna mpandowo amakhalanso a mtundu womwewo: wokhoza kuonetsa mjigo, osati wokhoza kuwerenga bilu.

aMbewe: Tsopano tikwere kwa nduna, chifukwa m'pamene zimalumikizana. Gawo 94 limapatsa pulezidenti mphamvu yosankha nduna ndi achiwiri awo. Angatenge phungu, angatenge munthu wakunja kwa Nyumba. Nyumba ya Malamulo sivomereza nduna. Yerekezani ndi maudindo ena: mkulu wa apolisi amadutsa m'Nyumba, ndipo mu 2005 aphungu anakana Mary Nangwale. Mkulu wa ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu, amadutsa ku komiti yoona za maudindo, monga tinaonera ndi Martha Chizuma mu 2021, amene anakanidwa kaye kenako n'kuvomerezedwa. Koma nduna ya zachuma, yogwira thumba lonse, imalengezedwa pa wailesi usiku, mawa lake yalumbira. Malamulo saikanso malire a chiwerengero. Muluzi anafika pa nduna ndi achiwiri awo 46 mu 2003.

Za phungu kukhalanso nduna zinapita kukhoti pa mlandu wa Fred Nseula. Khoti lalikulu linaona kuti maudindo awiriwa sayenera kukhala pa munthu mmodzi, koma khoti la Supreme linatembenuza. Kuchokera pamenepo tili ndi chosakaniza: pulezidenti wosankhidwa payekha ngati ku America, koma wokhala ndi ufulu wotola nduna m'Nyumba ngati ku Britain, popanda chilango cha ku Britain choti Nyumba ikataya chikhulupiriro boma ligwe.

Nachisale: Ndiye pulezidenti akamalemba mayina amayang'ana chiyani?

aMbewe: Amawerenga mavoti a m'Nyumba poyamba. Kupatula 2009, pamene DPP inapeza mipando yoposa theka, mapulezidenti athu ambiri ayamba opanda aphungu okwanira. Mu 1994 UDF inali ndi 85 pa 177, MCP 56, AFORD 36. Bajeti iyenera kudutsa chaka chilichonse. Unduna ndiye ndalama yogulira mavoti amenewo. Udindo wa wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti unabadwa choncho, kuti Chakufwa Chihana alowe m'boma ndi aphungu ake a kumpoto. Kenako amayang'ana zigawo ndi maboma, amene anathandiza ndi ndalama, zipani za mgwirizano, ndipo ukatswiri umabwera pa mipando iwiri kapena itatu, makamaka zachuma. Goodall Gondwe mu 2004 anabwera ndi mbiri ya ku IMF, Felix Mlusu mu 2020 anachokera ku NICO. Kabineti yoyamba ya Chakwera ya anthu 31 inadzudzulidwa chifukwa munali mwamuna ndi mkazi wake, komanso munthu ndi mlongo wake. Anthu anakwiya, koma panalibe lamulo limene linathyoledwa, ndipo panalibe komiti yoti ifunse.

Nangondo: Ndipo gawo 65 lija, loti phungu wochoka m'chipani chimene anapambanira n'kulowa china ataye mpando, lili ndi mabowo awiri. Loyamba, silikhudza woima payekha, chifukwa pa tsiku la chisankho analibe chipani. Ndiye anthu 50 aja ali pa msika kuyambira tsiku lolumbira. Lachiwiri, amene amalengeza kuti mpando uli wopanda munthu ndi Sipikala, wandale mnzawo, ndipo wokhudzidwa amathamangira chiletso.

Tinaziona Bingu atachoka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, chipani chimene sichinapikisane nawo mu 2004. Aphungu ambiri anawolokera mbali ya boma. Khoti la Supreme mu June 2007 linati gawo 65 ndi lovomerezeka. Otsutsa anati bajeti sidutsa mpaka Sipikala Louis Chimango aligwiritse ntchito, boma linati bajeti kaye. Miyezi inapita, ndipo anthu aja anafika 2009 ali m'mipando yawo. Mu April 2012 Bingu atamwalira, ambiri a DPP anasamukira ku PP ya Joyce Banda m'masabata ochepa. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, koma izi chingwe chake n'chachitali.

Wachinyamata wofuna ndale akaona zimenezi amaphunzira kuti kukhulupirika ku chipani sikulipira, ndipo kukhala katswiri wa komiti sikulipira. Cholipira ndi kukhala ndi mpando wako wekha umene pulezidenti aliyense adzaufuna.

aZulu a ku Chipata: Kuno ku Zambia zina n'zosiyana, mwina zithandiza kuyerekeza. Nduna iyenera kukhala phungu. Pulezidenti akafuna katswiri wakunja amayamba wamupatsa umodzi mwa mipando ya aphungu osankhidwa ndi iye, imene malamulo a 2016 anaika kuti isapose 8. Ndiye khomo la akatswiri lilipo koma ndi laling'ono. Kuyambira 2016 woima pa uphungu ayeneranso kukhala ndi satifiketi ya Grade 12. Inachotsa ena odziwika m'madera mwawo, makamaka amayi a kumidzi amene sukulu anasiyira panjira, ndipo inabweretsa ntchito yatsopano yotsimikiza mapepala ku Examinations Council of Zambia. Amene mukufuna lamulo la digiri kwanuko muyambe mwaona amene adzagwe.

Phungu akachoka m'chipani kuno mpando umapitadi ku chisankho chapadera. Koma maboma ena anapeza njira ina: kupatsa aphungu otsutsa unduna kapena uchiwiri kwa nduna iwo asanachoke m'chipani chawo.

Mlongoti ku Joni: Ku South Africa mavoti ambiri amapita ku chipani, ndipo mipando 400 imagawidwa molingana ndi mavoti. Chipani chimapereka mndandanda wa mayina, ndipo nambala yako pa mndandandawo ndiyo moyo wako. Pulezidenti amasankhidwa ndi Nyumba, ndipo nduna zochokera kunja kwa Nyumba sizingapose ziwiri. Ubwino wake, chipani chikaganiza zoika amayi chimangosinthanitsa mayina, mwamuna, mkazi, mwamuna, mkazi, monga ANC imachitira, ndipo amayi amadutsa 40 pa 100 alionse. Phungu sagula bokosi la maliro kuti apambane. Kuipa kwake, amaopa likulu la chipani kuposa wovota, chifukwa akachotsedwa m'chipani mpando wapita. Ku Mozambique nakonso ndi mndandanda, mipando 250. Sefa siichoka, imangosamukira ku ofesi ya mlembi wamkulu.

Nachisale: Pa amayi m'pamene ndimafuna tifike. Kwathu kuno aphungu achizimayi anatsika kufika 32 mu 2014, pomwe pulezidenti anali mayi, kenako anadutsa 40 mu 2019, chaka chimene Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala woyamba wamkazi. Lamulo la 2013 loti amuna kapena akazi asapose 60 pa 100 limakhudza kulemba ntchito m'boma, osati zisankho. Bungwe lounikanso malamulo a zisankho mu 2017 linapempha mpando umodzi wa mayi pa boma lililonse, 28 yonse, koma sizinadutse. Kuchepetsa ndalama ya ku MEC ndi theka n'kwabwino, koma mayi amagwa kale pa chipulula, pamene akufunika malole ndi anyamata olondera nthumwi usiku. Zipani zikafuna kuoneka bwino zimapatsa amayi matikiti m'madera amene zikudziwa kuti sizipambana.

Che Jafali: Pamwamba penipeni napo pali sefa yake. Pulezidenti ayenera kukhala wa zaka 35, ndipo amalamulira matemu awiri otsatizana basi. Malire amenewo ndi amene anatipatsa Bingu. Bilu yochotsa malire itagwa mu July 2002 ndi mavoti atatu okha, Muluzi anadumpha akuluakulu a UDF n'kutenga munthu amene mu 1999 anapikisana naye pa tikiti ya United Party. Aleke Banda ndi Justin Malewezi anachoka. Msonkhano waukulu wa chipani umavotetsa nthumwi za m'makomiti a zigawo ndi maboma, zimene mtsogoleri amene alipo angathe kuzisintha usanachitike. Wakunja amalowa pokhapokha mwini mpando akachoka, monga Chakwera mu 2013, atachoka ku utsogoleri wa Assemblies of God John Tembo atafika kumapeto.

aMbewe: Wachiwiri ndiye chitsanzo chabwino cha lamulo lobala khalidwe. Amasankhidwa ndi munthu mmodzi, nthawi zambiri dzina limadziwika tsiku lopereka zikalata. Koma akangopambana limodzi, pulezidenti sangamuchotse ngati nduna, pafunika kumuimba mlandu m'Nyumba. Ndiye amatengedwa kuti abweretse mavoti a chigawo, a chipembedzo kapena a achinyamata, kenako amakhala munthu yekhayo m'boma amene sangachotsedwe komanso amene adzalowe pampando mwini akafa. Chilumpha ndi Bingu, Joyce Banda ndi Bingu, Chilima ndi Peter Mutharika, nkhani yake imodzimodzi. Mu 2019 Mutharika anatenga Everton Chimulirenji, munthu amene ambiri sankamuyembekeza, ndipo ambiri anaona kuti akufuna wachiwiri wosadzamuvutitsa.

Chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, chofuna kuti pulezidenti azipeza mavoti oposa theka, chinasintha masamu. Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 mu 2004, Peter chimodzimodzi mu 2014. Ndi lamulo lakalelo chigawo chako ndi pang'ono kwina zinkakwana. Tsopano pofunika kuposa theka, uyenera kulonjeza ena mipando usanapambane. Tonse Alliance ya Chakwera inali ya zipani zisanu ndi zinayi, ndipo kabineti inayenera kukwanira onsewo. Mu 2025 DPP inagwirizana ndi AFORD, ndipo Enoch Chihana anakhala wachiwiri wachiwiri, mpando womwe uja wa bambo ake.

Kwataine: Ndiye mukuti tikonze chiyani? Nduna zonse zichokere kunja ngati ku Kenya kuyambira 2013?

aMbewe: Zingachotse nyambo imene imakoka aphungu, inde. Koma pulezidenti wopanda aphungu okwanira adzafunabe bajeti, ndiye adzagula ndi zina: makontrakiti, mipando ya m'mabodi ya abale, CDF yokwera. Ine ndingayambe ndi ziwiri zotsika mtengo. Nduna zizidutsa ku komiti yoona za maudindo pamaso pa anthu, ndipo chiwerengero chawo chilembedwe m'malamulo. Pulezidenti akadziwa kuti ali ndi mipando 20 yokha ndipo dzina lililonse lidzafunsidwa mafunso pa wailesi, amalemba mosamala.

Nangondo: Ine ndingayambe pansi. Chipani chipereke kwa mlembi wa zipani mndandanda wa maeliya ndi nthumwi miyezi isanu ndi umodzi chipulula chisanachitike, usasinthidwenso. Malo ndi tsiku zilengezedwe masabata awiri zisanafike. Voti ikhale yachinsinsi, iwerengedwe pomwepo, aliyense wopikisana asaine ndi kutenga pepala lake. Izi sizifuna kusintha malamulo aakulu, zingalowe mu lamulo la zipani. Vuto ndi loti oyenera kulidutsitsa ndi aphungu amene mindandanda ya lero ili m'manja mwawo.

Che Jafali: Mbiri yake ilipo kale. Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi isanakwane, aphungu analifafaniza mu 1995, chaka chimodzi chitangotha chisankho choyamba. Nyumba yachiwiri ya Seneti, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira amayi, olumala, azipembedzo ndi magulu ena, sinakhalepo n'kamodzi komwe, ndipo anaichotsa m'malamulo mu 2001. Imeneyo inali khomo lolowera ku Nyumba ya Malamulo popanda kudzera pa chipulula. Mipando ya aphungu ndiyo yakwera, 177, kenako 193, tsopano 229.

Nachisale: A Zulu, funso limodzi lomaliza kwa inu. Mipando ya aphungu osankhidwa ndi pulezidenti ija imapitadi kwa akatswiri?

aZulu a ku Chipata: Ina imapita, mayi, makamaka akafuna nduna ya zachuma kapena ya zamalamulo. Yotsalayo kawirikawiri amapatsa akuluakulu a chipani amene alibe dera, ndipo pulezidenti angathe kuwachotsa tsiku lililonse, choncho savota motsutsana naye.